Chidendene Chakumanzere

Thu koloko usiku ku Huddersfield.
Mvula ikugogoda pawindo ngati mlendo wosochera,
ine ndalowa m'chipinda chachisanu ndi chiwiri
kukatembenuza Mayi Ackroyd.
Maola awiri aliwonse, likutero pepala lapakhoma,
poti munthu akagonera mbali imodzi
fupa lake lomwe limamudya kuchokera m'kati.

Khungu lawo ndi pepala lonyowa.
Mkono ndimaugwira ngati dzira la njiwa;
chala chikangolimbapo, mawa patuluka banga,
mkuja lasanduka lachikasu
ngati nthochi yoiwalika m'chikwama.
Mu akakolo mwachita dzimbiri,
magazi otopa ndi kukwera chitunda.
Sindikhula. Ndimangogunditsa thaulo pang'onopang'ono,
mafuta n'kupaka motsata kumene ubweya wagonera.
"Manja ako ndi madzi oundana, mwanawe,"
anandiuza tsiku loyamba,
ndiye ndimayamba ndawafunditsa pampopi.

Kumaphunziro anati: yang'anani pofiira.
Dinani ndi chala, chotsani.
Pakayera n'kubwerera, magazi akuyenda;
pakakana kuyera, itanani nesi.
Zithunzi zonse m'bukumo
zinali za khungu la mtundu umodzi.
Mayeso ndinakhoza.
Funso ndinalimeza, viza inali isanaume inki.

Chipinda chakumapeto ndi cha Bambo Dunkley.
Anachoka ku Jamaica ndevu zisanamere,
nayendetsa basi m'zitunda za tawuni ino
mpaka misewu inawadziwa dzina.
Lero miyendo inawakana.
Khungu lawo ndi langali.
A masana alemba kuti: palibe pofiira.
Sananame ayi.
Khungu lathuli silikuwa,
limang'ung'udzira pansipansi.

Ndapepesa, ndayatsa getsi lalikulu,
ndanyamula chidendene chakumanzere m'chikhatho.
Chikutentha kuposa chinzake.
Chalimba ngati bango losapsa... iyayi,
ngati mango aawisi othyoledwa ndi mwala,
ndipo pakati pake pali kamthunzi,
kuda kwina m'kati mwa kuda,
konga khungu la biringanya.
"Pakuwawa?"
"Chiyambire Lachiwiri," akutero, maso ali kudenga.
"Ndimayesa ndi ukalamba chabe."

Ndaika pilo pansi pa katumba
kuti chidendene chilendewere m'malere.
Nesi wabwera, wagwira, wagwedeza mutu,
wayeza ndi kalula kapepala.
Ine pafomu, pamene pali kabokosi kochonga,
ndalemba m'mbali mwake ndi zilembo zikuluzikulu:
musamangoyang'ana, muzigwira.

Pa nthawi yopuma, tiyi akuzizira m'kapu ya eni,
foni yathwanima. Ndi Nachisale, mng'ono wanga, ku Balaka:
tambala walira kale kumeneko, iye sanagone.
Bambo chichitireni sitiroko ali pamphasa,
akuti pathako pada pang'ono, koma si bala,
unditumizireko ya vasilini.

Ndalowa m'chipinda chochapira,
pakati pa mashiti a anthu makumi atatu,
n'kujambula mawu monong'ona:
Nachisale, pamenepo bala layamba kale, lili pansi.
Usatikitepo. Uwagonetse cham'mbali,
upinde chitenje uike pakati pa mawondo,
uyale bulangeti langa lija pamphasapo.
Ukasambitsa, uziumitsa bwino m'mapindiro.
Kukacha uwatengere kuchipatala, ya kabaza ndatumiza.
Ndipo uzigwira, wamva? Kuseri kwa dzanja kumaona
zimene koloboyi sangakuonetse.

Mawu apita, timizere tiwiri tatuluka.
Manjawa ndawayang'ana:
aphunzira kuwerenga matupi a eni,
la amene anawabala sakulifikira.

Folo koloko yakwana.
Mayi Ackroyd atsamira kale fupa lina.
Ndatsegula mpopi, ndikudikira madzi afunde.